LINGA LOMWE LIDAPIRIKITSA ENI AKE KATATU

Pali mizinda ina imene ukaiona patali umachita kuvula chipewa. Carcassonne, kum'mwera kwa dziko la France, ndi umodzi mwa mizinda yotere. Uli paphiri, ndipo wazunguliridwa ndi malinga awiri a miyala, lina mkati lina kunja. Ukaphatikiza kutalika kwa onse awiri ukupeza makilomita atatu. Nsanja zake zilipo 52, zipata zikuluzikulu zinayi. Mu 1997 bungwe la UNESCO lidauika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi, ndipo alendo amakhamukirako miyandamiyanda chaka ndi chaka.

Koma inu a pamsika, amene mumadzuka tambala woyamba kukaoda tomato ndi kabichi, sindikulemba izi kuti muzisirira miyala ya eni. Ndikulemba chifukwa nkhani ya mzinda umenewu mukuidziwa kale. Akuluakulu a m'lingamo adapirikitsa anthu wamba katatu konse. Ulendo woyamba ati ndi ampatuko, wachiwiri ati ndi oukira, wachitatu ati akunyansitsa malo. Mapeto ake chuma cha mzinda chidawoloka mtsinje kutsatira opirikitsidwa, miyala n'kutsala yokha paphiri.

MIZINDA IWIRI, DZINA LIMODZI

Ine ndidafikako pa sitima ya pamtunda kuchokera ku Toulouse, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Ukatsika pa siteshoni sufikira m'linga ayi. Umayamba wadutsa tauni ya kumunsi yotchedwa Bastide Saint-Louis, ya misewu yowongoka ngati adachita kuyeza ndi chingwe. Kumeneko ndiye kuli mabanki, masitolo, maofesi ndi msika. Ukapitirira umapeza mtsinje wa Aude ndi mlatho wakale wa miyala, Pont Vieux, womangidwa m'zaka za m'ma 1300. Lero pamlathopo pamadutsa oyenda pansi okha.

Ukaima pamenepo ndi pamene umaliona linga lonse, limene eni ake amalitcha Cité. Abale, nsanja zake zobulungira za madenga osongoka zimaoneka ngati nkhokwe zikuluzikulu za miyala zitandandalika pamwamba pa phiri. Amene mudaonera filimu ya Robin Hood ya Kevin Costner ya mu 1991 mudaliona kale linga limeneli, chifukwa mbali ina adakajambulira komweko.

CHIPATA CHA NARBONNE

Polowera penipeni ndi kum'mawa, pa chipata chotchedwa Porte Narbonnaise, chifukwa chimayang'ana njira ya ku mzinda wa Narbonne. Chidamangidwa cha m'ma 1280, nthawi ya mfumu Philippe III. Ndi nsanja ziwiri zamapasa, iliyonse yosongoka kumaso ngati mphuno ya bwato, kuti mwala woponyedwa ndi adani uziterereka m'malo moswa khoma.

Mdani wofuna kulowa apa adali ndi ntchito. Poyamba tcheni chopingasa njira kuti akavalo asalowe ndi liwiro. Kenaka chitseko cha mipiringidzo chotsika kuchokera pamwamba ngati diwa. Pamwamba pa mutu wake bowo, pamene alonda ankagwetsera miyala. Akapulumuka apo, zitseko za matabwa ochindikala, kenaka diwa lachiwiri. M'nsanja imodzi mudali chosungira madzi, m'nzake mosungira nyama yothira mchere. Kutanthauza kuti ngakhale mzinda wonse utagwa, alonda a pachipata akadatha kudzitsekera n'kumadya zawo masabata ambiri.

Pafupi ndi chipatacho pali chosema cha mayi wina, Dame Carcas. Nthano imati mfumu Charlemagne idazinga mzindawu zaka zisanu, mpaka mkati mudangotsala nkhumba imodzi ndi thumba limodzi la tirigu. Mayiyu adadyetsa nkhumba ija tirigu yense, n'kuiponya kunja kwa linga. Itaphulika mimba, adani adaona tirigu ali mbwee, n'kuuzana kuti ngati nkhumba zikudya chonchi ndiye kuti anthu mkatimo ali ndi chakudya cha mwanaalirenji. Adapasula misasa n'kumapita. Mayi uja adaliza mabelu, ndiye akuti dzina la mzinda lidachokera apo, poti pa Chifalansa "Carcas sonne" ndi kunena kuti Carcas akuliza belu.

Odziwa mbiri amati ndi nthano chabe. Amene adalanda mzindawu kwa Aluya mu 759 adali Pépin, bambo wake wa Charlemagne. Komabe nzeru ya mayiyu wamalonda aliyense akuidziwa. Katundu akatsala pang'ono umamuyala bwino pabenchi kuti wodutsa asadziwe kuti mpamba wakuthera.

PAKATI PA MALINGA AWIRI

Pakati pa linga lakunja ndi lamkati pali mpata wautali wozungulira mzinda wonse, umene amautcha Lices. Ndidayenda m'menemo pang'onopang'ono, ndipo ndi mmene munthu amaonera bwino nzeru za amisiri. Linga lakunja ndi lalifupi, lamkati lalitali, kuti oponya mivi a mkati aziponyera pamwamba pa mitu ya anzawo. Nsanja zambiri za linga lakunja ndi zotsekula kumbuyo. Mdani akailanda alibe pobisala, amangokhala pambalambanda ngati mbewa m'munda wootcha.

Makomawo ali ngati chovala chazigamba, m'badwo uliwonse udasokererapo chake. Chakumpoto kuli nsanja za nthawi ya Aroma, za zaka zoposa 1,600, zomangidwa ndi timiyala ting'onoting'ono ndi mizere ya njerwa zofiira. Zina ndi za mafumu a France, za miyala ikuluikulu yotumpha pakati. Chodabwitsa n'chakuti malo ena khoma latsopano lili pansi, lakale pamwamba. Amisiri a mfumu posalaza mpata uja adakumba mpaka kuvundukula maziko a nsanja za Aroma, ndiye adachita kuzimangira maziko ena kunsi kwake. Zina zidapendekeka, ndipo zikadali chipendekekere.

M'mwamba mwa makoma muli mabowo andandanda. M'menemo ankalowetsa mitanda n'kukhoma makhonde a matabwa otulukira kunja, kuti msilikali azitha kugwetsera mwala munthu amene akukumba patsinde pa khoma. Nsanja ina, Tour de la Vade, idali ndi chitsime chake, uvuni wake wophikira buledi, ndi chimbudzi chake. Ina, Tour carrée de l'Évêque, idachita kutagadza malinga onse awiri, kotero kuti ikatseka zitseko zake mpata uja umaduka pakati.

Zonsezi munthu umasirira. Koma funso ndi lakuti, ankatchingira ndani?

KUPIRIKITSA KOYAMBA: 1209

Kale mzindawu udali m'manja mwa banja la Trencavel, limene lidamanga nyumba yachifumu ili mkatimo, Château Comtal, m'zaka za m'ma 1100. Dera lonselo lidali ndi chiyankhulo chake, Occitan, ndipo mudali anthu a chikhulupiriro chotchedwa Cathar, amene ankakana ulamuliro wa mpingo wa ku Rome. A Trencavel ankawalola kukhala mwamtendere. Mu 1208 kazembe wa Papa, Pierre de Castelnau, adaphedwa, ndipo Papa Innocent III adamema nkhondo.

Gulu lankhondo lidatsika kuchokera kumpoto. Pa 22 Julayi 1209 lidalowa mumzinda wa Béziers n'kupha anthu zikwizikwi, osasankha uyu ndi wa Cathar uyu ndi Mkatolika. Mbiri itamveka, anthu a m'midzi adathawira ku Carcassonne ndi ziweto zawo. Nthawiyo linga lidali limodzi lokha. Adani adafika pa 1 Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, ndipo sadavutike n'kugumula khoma. Adangotseka njira ya kumtsinje. Anthu odzaza tho, ng'ombe, kutentha, madzi a m'zitsime osakwanira. Patangotha masabata awiri mzinda udagonja, pa 15 Ogasiti.

Mwini mzinda, Raymond-Roger Trencavel, mnyamata wa zaka 24, adatuluka kukakambirana ndi adani ndipo adamugwira pomwepo. Adafera m'ndende ya m'nyumba yake yomwe pa 10 Novembala chaka chomwecho. Anthu onse a mumzinda adawatulutsa chimanjamanja, aliyense ndi kansalu ka m'thupi basi. Nsalu za m'sitolo, zida za mmisiri, tirigu wa m'nkhokwe, zonse zidatsala. Tangoganizani, katundu yense amene mwavutikira zaka makumi awiri, kumusiya tsiku limodzi. Mzinda adaupereka kwa mkulu wankhondo Simon de Montfort, amene naye adaphedwa ndi mwala pozinga Toulouse mu 1218. Mu 1226 mzinda udalowa m'manja mwa mfumu ya France.

KUPIRIKITSA KWACHIWIRI: 1240

Mwana wa Trencavel uja adakula ndi chidima mumtima. Mu 1240 adabwera ndi gulu lake kudzalanda mzinda wa bambo wake. Patsinde pa linga padali midzi iwiri, Saint-Vincent ndi Saint-Michel, ya amisiri ndi amalonda, ndipo anthu a kumeneko adamulandira. Adazinga linga pafupifupi mwezi wathunthu, koma lidamukanika. Asilikali a mfumu atayandikira adathawa.

Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Midzi iwiri ija idagumulidwa yonse, eni ake n'kubalalika. Padatha zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 1247 mfumu Louis IX idawalola kubwerera, koma idati patsinde pa linga ayi, kamangeni kutsidya la mtsinje. Umu ndi mmene idabadwira tauni ya misewu yowongoka ija ndidadutsamo pochokera ku siteshoni.

Mafumu tsono adathira ndalama m'miyala. Adamaliza linga lachiwiri, adamanga chipata cha Narbonne ndi nsanja zazitali ngati Tour du Trésau. Nyumba yachifumu ija adaizunguliza khoma lakelake ndi dzenje, ndipo mbali yolimba kwambiri adayang'anitsa mkati mwa mzinda, kumene kumakhala anthu. Zitseko ziwiri za pachipata chake ankazikokera m'zipinda zosiyana, china pamwamba china pansi, kuti mlonda mmodzi akalandira chiphuphu asathe kutsekula zonse. Boma loopa anthu ake, loopanso alonda ake omwe.

Mantha ndi amene ankalamulira. Khoti la mpingo lofufuza ampatuko, Inquisition, lidali ndi nsanja yake m'lingamo ndi ndende yake kunja, imene anthu ankangoitcha kuti Khoma. Munthu ankatengedwa chifukwa mnansi wamunenera, wonenayo osamutchula dzina, ndipo katundu wake ankalandidwa. Wansembe wina wa chipani cha Franciscan, Bernard Délicieux, adatsogolera anthu a tauni ya kumunsi kutsutsa nkhanza zimenezi mu 1303. Naye adamuzenga mlandu mu 1319 ndipo adafera m'ndende chaka chotsatira.

Linga lidalimba zedi, moti palibe adalilandanso ndi nkhondo. Mu 1355 Edward, mwana wa mfumu ya England amene ankamutcha Black Prince, adafika ndi gulu lake, n'kuliyang'ana, n'kuona kuti apa ndiye ayi. Mkwiyo wake adakaphwetsera pa tauni ya kumunsi, adaitentha. Akuluakulu adaonerera utsi ali pansanja. Amalonda adasesa phulusa n'kumanganso, ulendo uno atadzimangira linga lawolawo.

MIYALA ITATHA NTCHITO

Mphamvu yonse ya Carcassonne idali yakuti udali mzinda wa m'malire, woyang'anira njira ya ku Spain. Mu 1659 mafumu a France ndi Spain adasayinirana pangano limene lidasunthira malire kum'mwera, ku mapiri a Pyrénées. Basi, ndi cholembera chokha, nsanja 52 zidasanduka mlonda wolondera nkhokwe yopanda chimanga.

Kumunsi zinthu zidali kuyenda. Ana a opirikitsidwa aja adagwira ntchito yoluka nsalu za ubweya wa nkhosa, ndipo m'zaka za m'ma 1700 nsalu za ku Carcassonne zinkagulidwa mpaka kumadoko a ku Turkey. Ndalama ili ndi fungo. Olemera adatsika phiri, makhoti ndi maofesi adatsika, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 naye bishopu adasiya tchalitchi chakale cha Saint-Nazaire n'kukakhazika mpando wake kumunsi.

Paphiri padatsala amphawi. Madenga a nsanja adagwa. Anthu ankagumula makoma n'kumatenga miyala yomangira. Mu mpata uja wa pakati pa malinga, mabanja osauka, ambiri mwa iwo aganyu oluka nsalu, adamanga tinyumba totsamira kukhoma. Khoma la mfumu lidasanduka chipupa chakumbuyo cha nyumba ya mmphawi. Mwina aka kadali koyamba kuti linga lithandize munthu wamba.

KUPIRIKITSA KWACHITATU

Cha m'ma 1850 boma lidagamula zoti lingalo lichotsedwe pa chitetezo, kutanthauza kuti ligumulidwe. Mkulu wina wa mumzindawo wokonda mbiri, Jean-Pierre Cros-Mayrevieille, pamodzi ndi mlembi Prosper Mérimée, amene adali woyang'anira zipilala zakale m'dziko lonse, adalimbana nazo mpaka boma lidasintha maganizo. Ntchito yokonzanso adaipereka kwa katswiri wa zomanga Eugène Viollet-le-Duc, amene adayamba makoma mu 1853. Iye adamwalira mu 1879 ntchito isadathe, ndipo wophunzira wake Paul Boeswillwald adaipitiriza mpaka cha m'ma 1910.

Popanda anthu amenewa bwenzi lero kulibe choona, zimenezo tisakane. Koma adakonza miyala, anthu ayi. Tinyumba tija ta m'mpata boma lidatilanda n'kumatigwetsa kamodzikamodzi, zaka zambirimbiri, mpaka mpata wonse udayera. Ophunzira adakangana kwambiri za madenga. Ena ankati Viollet-le-Duc adalakwa kufolera nsanja ndi miyala yafulati yakuda ya kumpoto pamene dera lino limafolera ndi matailosi ofiira, moti m'ma 1960 nsanja zina adazifoleranso ndi matailosi. Mkangano wa madenga udamveka dziko lonse. Za mabanja amene adatsala opanda denga sizidamveke chimodzimodzi.

MKATIMO LERO

Kulowa m'linga ndi kwaulere. Umalipira pokhapokha ukafuna kulowa m'nyumba yachifumu ndi kukwera pamwamba pa makoma. Ndidakwera, ndipo kuchokera pamenepo umaona minda ya mphesa, madenga ofiira a tauni ya kumunsi, ndi mapiri patali.

Nanga m'misewu yopapatiza ya mkatimo muli ndani? Amalonda! Kungolowa pachipata cha Narbonne, uku sitolo uku sitolo. Malupanga apulasitiki a ana, zisoti za asilikali, mapositikhadi, maswiti, sopo wonunkhira, ayisikilimu. Malesitilanti akugulitsa cassoulet, chakudya cha kuderako, nyemba zoyera zophikira pamodzi ndi nyama ya nkhumba, bakha ndi soseji mu mphika wadothi. Okhala m'lingamo usiku ndi usana atsala ochepa kwambiri. Ambiri amene umawaona kuseri kwa kauntala amakwera phiri m'mawa n'kutsika madzulo.

Malonda ake ndi anyengo ngati a mango. Julayi ndi Ogasiti anthu amachita kupanikizana, makamaka pa 14 Julayi, tsiku la chikondwerero cha dziko la France, pamene amaphulitsa makombola a moto mpaka linga lonse limaoneka ngati likuyaka. Nthawi yozizira masitolo ambiri amatseka, misewu ili zii. Amene sadasunge ya m'chilimwe amalira.

Ndiye taonani mmene zinthu zidatembenukira. Malo amene ankatulutsa wamalonda ndi kansalu kokha, lero popanda wamalonda mlendo sangapeze ngakhale kapu ya madzi.

KUTSIKA PHIRI

Ndidatulukira kumadzulo, pa chipata cha Porte d'Aude. Njira yake ndi yotsetsereka, yokhotakhota pakati pa makoma aatali, yomangidwa dala kuti wokwera ndi chishango afike pamwamba ali wefuwefu, mivi ikumugwera mbali zonse. Patsinde pali tchalitchi cha Saint-Gimer, chimene Viollet-le-Duc yemweyo adamanga pamalo pamene padali nsanja yolondera njira ya kumtsinje. Kuchokera apo ndi kuwolokanso Pont Vieux, kubwerera ku Bastide Saint-Louis.

Pakati pa tauniyo pali bwalo lotchedwa Place Carnot, limene kale ankalitcha bwalo la masamba. Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka m'mawa pamakhala msika, ndipo waukulu ndi wa Loweruka. Mabenchi amazungulira kasupe wosemedwa ndi mwala wa mabo wa m'zaka za m'ma 1700. Anyezi, adyo, tomato, zipatso, tchizi, maluwa. Agogo ndi madengu awo akutola ichi n'kusiya icho, wogulitsa akuitanira, wina akuwerenga chenji. Chiyankhulo n'chosiyana, koma phokoso lake ndi lomwe lija mukulidziwa. Nako kuli wa khonsolo wotolera ya malo, musaganize kuti kwa azungu n'zaulere. Kusiyana kwake n'kwakuti malo a msika ali pamtima penipeni pa tauni, osati kuseri kumene wogula safika. Dzuwa likapendeka amalonda amalongedza, bwalo limasesedwa, a malesitilanti n'kuyala mipando yawo.

Alendo ambiri safika n'komwe pabwalo limeneli. Amatsika basi pachipata cha Narbonne, kujambula nsanja, kugula lupanga lapulasitiki, n'kumapita. Koma eni mzinda, amene ndi oposa 40,000, ndiwo zawo amagula kumunsi kuno. Paphiri amakwerako akabwera achibale ofuna kuona.

Tsono akuluakulu amene amaganiza kuti mzinda umakongola ukachotsamo anthu, akapita ku France asamangothera ku Paris. Akwere sitima apite ku Carcassonne. Akawerenge nsanja zonse 52, akagwire miyala ya chipata cha Narbonne, akajambulitse ndithu. Akatero atsike phiri, awoloke mlatho Loweruka m'mawa, akafunse mayi wogulitsa anyezi pa Place Carnot kuti tauni imene akugulitsiramoyo adaiyamba ndani.